Nyimbo Imene Inamangitsa Alongo Anga

Inu owerenga, alongo anga ali kundende chifukwa cha pakamwa panga. Sindinapite kwa asikauti oteteza nyama ayi, ndinangouza mwamuna amene ndinali kumukonda, basi.

Kwathu ndi ku Chifunda. Sukulu ndinalekezera giredi sikisi, ndiye ndinabwera kuno ku boma ku Chama kudzalera ana a anesi ena. Kuno ndinakumana ndi mnyamata woyimba rapu, nyimbo zija zolankhula mothamanga ngati munthu ali pa mkangano. Anthu anali kumuseka kuti mavidiyo amuzunguza mutu. Analibe kampani, analibe womuthandiza, anali chabe ndi wailesi ya makaseti awiri ndi batire ya galimoto. Mnzake amenye chigubu, iye ayimbe, kenako akopere makaseti imodziimodzi kukagulitsa pamsika. Ine ndinali kumata timapepala ta dzina lake pa makasetiwo, mimba ili apa.

Chaka chimene mvula inakana, alongo anga aakulu, amene anandilera atate atamwalira, anali kulowa m'tchire ndi mfuti yopanga okha, kupha njati, nyama n'kusinthanitsa ndi chimanga. Pakhomo tonse tinali kudziwa, tonse tinali chete. Koma ine tsiku lina ndikuchapa matewera a mwana wathu Tiza ndinamufotokozera woyimba uja zonse, monyadira: kuti mfuti amabisa m'mphako ya mlambe kuseri kwa dimba, kuti amatsimphina chifukwa njati inawagundapo.

Iye anaziika m'nyimbo. Dzina sanatchule, koma mlambe anautchula, kutsimphina anakutchula, Chifunda anaitchula. Nditamva ndinagwada, kumupempha afufute. Anandiyankha kuti, "Amake Tiza, iyi ndiye nyimbo yoona. Alamu ndawayimba ngati ngwazi, manje muopa chiyani?"

Kaseti inayenda. Madalaivala a malole anaitenga, inafika ku Lundazi, ku Chipata, mpaka anamuitana ku Lusaka kukayimba. Omwe anali kumuseka anayamba kunena kuti ndi mwana wakwathu. Koma asikauti nawonso ali ndi makutu. Anafika pa mlambe uja osafunsa njira. Alongo anga anawatenga akupalira, ana awo akuona.

Ndinapita kukawaona asanawachotse ku polisi. Sanandikalipire, mwina zikanakhala bwino akanatero. Anangofunsa ngati mwana akuyamwa bwino, n'kutembenukira kukhoma.

Atate ake Tiza sanabwerenso. Ndimangomva kuti akadzaza holo, nyimbo imene anthu amakuwa kuti aibwereze ndi yomweyo. Amayi anandiuza kuti ndisapondenso pakhomo pawo mpaka mwana wawo atatuluka. Akazi a alongo anga akandiona pamsika amalavula pansi. Manje ndimayenda mocheuka, mwana ndam'manga kolimba kumbuyo, chakudya cha munthu wina sindimulola kulandira, ndipo mlendo akafunsa kumene ndikhala sindimuuza.

Tiza wayamba kulankhula. Sabata yatha ndinamumva akuyimba mawu a nyimbo ija, akusewera ndi dothi, waimva kugolosale. Ndinamutseka pakamwa mpaka analira, inenso ndinalira.

Atsikana anzanga, woyimba chilichonse chimene wamva amachitenga ngati chake. Sachita mwankhanza, iye amangoona nyimbo. Ngati mwamukonda mukondeni, mum'chapire, mum'phikire, koma za kwanu zimene zingamangitse munthu musamuuze, ngakhale ali atate a mwana wanu. Iye adzakwera basi kupita kumene amamuwombera m'manja, inu mudzatsala ndi nkhope za abale anu.