Mafuta a Makina pa Gudumu la Kumanzere

Mundikhululukire, inu owerenga, poti ndalimba mtima kulemba. Sukulu ndinalekezera giledi seveni, ndipo za magalimoto ndimadziwapo chinthu chimodzi chokha. Ndicho ndikufuna kufotokoza, pamodzi ndi mmene ndinachidziwira.

Ndikukumbukira kuti ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene amai anandichotsa kwathu ku Mburuma kuti ndikakhale ndi amalume a Zuze ku Boma, kumene akuluakulu ankakutchulabe kuti Feira. Inali nthawi ya nkhondo ya tsidya la Zambezi. Amalume ankayendetsa vaneti yakale ya mwini sitolo wina. Popita inkanyamula nsomba zouma ndi anthu, pobwera ufa, mchere, ndi sopo akapezeka. Akazi awo ankasoka zovala pakhonde, ndipo ntchito yanga ya Loweruka inali kupukuta makina osokera ndi kudontheza mafuta paliponse pamene pakulira. Ndinkaichita mosamala kwambiri, chifukwa pa ntchito zonse za pakhomopo ndi iyo yokha imene ankandiyamikira.

Vaneti ija nayo inkalira. Amalume akaponda buleki inkatulutsa kamawu kosongoka kolowa m'mano, ndipo ana a pamsika ankati kwabwera nkhumba ya a Zuze. Iwo akatsika ankapukusa mutu n'kunena kuti phokosolo lidzawagonthetsa m'makutu asanakalambe. Mawuwo ndinawasunga. Masiku angapo ndinkaima pachipata iwo akamafika, kutchera khutu, mpaka ndinatsimikiza kuti kulirako kunkachokera ku gudumu lakutsogolo la kumanzere. Loweruka lina masana, iwo atapita kudoko, ndinatenga kachitini ka mafuta a makina, ka mlomo wautali kaja, n'kugona pansi pa galimoto. Kuseri kwa gudumu kunali kampata pakati pa zitsulo ziwiri. Ndinathiramo mpaka kachitini kanafika theka, ndinapukuta zodontha, ndipo sindinauze munthu. Ndinkafuna kuti azindikire okha, afunse kuti wachita zabwinozi ndani.

Sukulu inali itatsekera, choncho Lolemba m'mawa ndinakwera nawo kuti akanditsitse pamphambano ya kwathu. Anandikhazika kutsogolo. Kumbuyo, pamwamba pa mitolo ya nsomba, kunali anthu asanu, mmodzi wa iwo amai Sabina, ogulitsa nsomba amene pakamwa pawo sipankapuma.

Masiku amenewo mseu unali ndi lamulo lake. Mabomba ankakwiriridwa m'nthaka, ndiye dalaivala aliyense ankadikira kuti galimoto ya asilikali idutse, kenako n'kuyendetsa matayala ake m'mizere iwiri imene iyo yasiya. Pambali pa mizereyo sipankapondedwa, ngakhale ndi phazi.

Potuluka m'Boma, pamene asilikali ankaimitsa magalimoto, amalume anaponda buleki pang'ono ndipo vaneti inaima phee. Amai Sabina anagogoda denga n'kufunsa ngati nkhumba ija aidya pa Sabata osawaitana. Anthu anaseka. Ine ndinayang'ana amalume, kudikira mawu abwino, koma iwo anali atakwinya nkhope. Anapondanso kawiri galimoto itaima kale. Msilikali anatikodola kuti tipite, poti kumbuyo kunali ena.

Titayenda ngati ola limodzi, mseu unatsetsereka kulowa m'kamtsinje kouma. Amalume anaponda mwamphamvu. Vaneti inakhotera kumanja yokha, ngati mbuzi yokana chingwe, ndipo pamene inaima, matayala onse akutsogolo anali atatuluka m'mizere, ali pa mchenga wosapondedwa.

Palibe anakuwa. Amalume anauza a kumbuyo, ndi mawu otsika, kuti munthu asadumphire pambali, atsikire kumbuyo mmodzimmodzi n'kuyenda mumzere. Ine ananditulutsira pawindo, ndinakwawira pa nsomba. Atatsala okha anabweza galimoto pang'onopang'ono, momwe inadzera, mpaka pa thanthwe limene linali pamwamba pa chitsetsereko. Kaya pamchenga paja panali kanthu kaya panalibe, mpaka lero sindidziwa.

Anatulutsa jeke n'kupita ku gudumu la kumanzere osayang'ana ena, chifukwa, monga ananenera, galimoto ikathawira kumanja wolakwa amakhala kumanzere. Atachotsa tayala anakoka dilamu, chitsulo chonga mbale chimene chimazungulira pamodzi ndi gudumu. Mkati munali zitsulo ziwiri zopindika, zomatidwa chikopa cholimba chimene amachitcha laining'i. Zonse zinali zonyowa, zikunyezimira. Amalume anakhudza ndi chala n'kununkhiza. Amai Sabina atawafunsa, anangoti munthu wathiramo mafuta.

Apo nkhani inayamba kuyenda yokha. Bambo wina anati Loweruka anaona a Fulansisko ataima pafupi ndi vaneti. A Fulansisko anali msodzi wochokera ku Zumbo, tsidya la Luangwa, amene ankabwera kawirikawiri kudzapempha malo a nsomba zawo. Amai Sabina anati anthu a tsidya sudziwa amene amadya nawo. Anagwirizana kuti tikafika pa asilikali otsatira akanene. Aliyense ankadziwa zimene zinkachitikira munthu wotengedwa ngati kazitape. Wina wa kudoko amene anatengedwa choncho anabwerako manja osagwiranso nkhafi.

Amalume anandiitana kuti ndigwire manati a gudumu m'diresi langa kuti asatayike, ndipo ndinaima pambali pawo. Iwo ankapukuta zitsulo zija mosafulumira. Kenako, osandiyang'ana, ananena kuti tikanyamuka pano saimanso mpaka pa asilikali.

"Amalume, ndine," ndinatero. Mawu anatuluka aang'ono kwambiri moti ndinachita kubwereza. "Ndine. Ndimafuna isiye kulira."

"Iwe mwana," anatero amai Sabina, "chifundo chakocho chikanatiika m'manda tonse, ndi nsomba zomwe."

Ndinadikira khofi, koma silinabwere.

"Velo, gwada apa uone," anatero amalume. "Makina a nsalu amafuna kuterera. Ichi chimafuna kugwira. Iwe wachiphunzitsa kuterera."

Pamene ankatsuka laining'i ndi petulo, kuikwecha ndi mchenga, ndi kuiwambako pa kamoto kuti mafuta atuluke, anandifotokozera kuti buleki ili ndi kulira kutatu. Kwa m'mawa, kumene kumatha ukaponda kangapo, ndi dzimbiri la mame chabe. Kosongoka kosalekeza ndi fumbi, kapena laining'i yauma n'kusalala, ndipo imafuna kukwechedwa. Koma ukamva kukukuta, ngati mphero yopanda chimanga, ndiye kuti laining'i yatha, timisomali take tayamba kudya dilamu. Anandionetsa timitu ta misomalito, titatsala pang'ono kuonekera. Zatsopano anali ataitanitsa ku Lusaka kalekale, sizinkabwera chifukwa cha nkhondo. Choncho phokoso limene ankadandaula nalo lija ankalimvetsera tsiku lililonse, kuti adziwe tsiku loimika galimoto.

Tinanyamuka dzuwa lili paliwombo. Vaneti inkakokerabe kumanja pang'ono, ndipo pa zitsetsereko amalume ankatsika ndi giya yoyamba. Pa asilikali palibe anatchula dzina la munthu. A Fulansisko anapitiriza kubwera ndi nsomba zawo, ndipo sindikhulupirira kuti anamvapo kanthu.

Chilango changa chinayamba sukulu itatsegulira. Tsiku lililonse vaneti ikamafika ndinkaima pachipata, ndipo amalume akatsika ndinkawauza gudumu limene lalira ndi kulira kwake. Ndikalakwa ankabwerera kumbuyo n'kupondanso. Ndinali mwana wamanyazi, wosayankhula pamaso pa akulu, koma apo ndinalibe pothawira.

Tsopano ndimadziwa kuti chinthu chikamalira, choyamba ndi kufunsa chimene chikunena, osati kuchitontholetsa. Ndimadziwanso china chimene tsiku lija sindinachione. Fungo la mafuta a makina linali m'nyumba mwa amalume zaka zonse za ukwati wawo. Anadziwa atangonunkhiza chala chija. Akanatha kunena okha, koma anandipatsa manati kuti ndigwire, n'kundiuza kutalika kwa njira imene inatsala.

Malaining'i atsopano anabwera patapita miyezi. Amalume anawaika pansi pa mtengo wa mango pakhomo, ine nditagwira manati, wailesi ikulengeza kuti tsidya la Zambezi kwabadwa dziko la Zimbabwe. Anayesa galimoto kupita kumsika n'kubwerera, ndipo atatsika anandifunsa chimene ndamva. Ndinati sindinamve kanthu. Anati iwonso sanamve kanthu, ndipo kuyambira mawa ndisaimenso pachipata. Linali Lachisanu, pa 18 Epulo 1980.