Malinki awiri amene ndinadula

Ndinadzuka kusanache, msana ukuwawa chifukwa cha benchi limene ndinagonapo m'tenti pamodzi ndi amuna ena. Moto umene tinachezera kuwotha unali utazima, kutangotsala chitsa chofuka utsi. M'nyumba amayi a mpingo anali atatopa ndi kuimba, ndipo mmodzi yekha ndiye ankang'ung'udza nyimbo chapansipansi. Linali tsiku loika mng'ono wanga Yotamu, amene anagwa pa njinga yamoto masiku atatu m'mbuyomo akukapereka katundu wa anthu cha ku Matero.

Ine ndimakonza njinga zamoto kuno ku Kanyama, ndipo ndimadziwika. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa kudziwikako n'kumene kunandipusitsa. Kutatsala milungu iwiri kuti amwalire, Yotamu anabwera pa shedi panga n'kunena kuti tcheni chatha, tisinthe pamodzi ndi masipuloketi, magudumu a mano aja amene tcheni chimayendapo. Nditachikoka ndi chala kumbuyo chinanyamuka mpaka dzino kuonekera. Manowo anali atasongoka ndi kupindika, ndipo pomangira gudumu panali patafika pamapeto. Aliyense wogwira sipanala akanati sinthani lero lomwe. Ine ndinamuseka. Ndinati matope a Kanyama sachedwa kudya tcheni chatsopano, adikire mvula ithe. Ndinadula malinki awiri, timfundo ta tchenicho, kuti chifupike, ndinachilumikiza ndi hamala, ndinachipaka oyilo wakuda, n'kumuuza kuti azipita. Tcheni chomwecho ndicho chinaduka, n'kukulunga gudumu la kumbuyo, n'kumuponyera pa tala. Zimenezi ndinali ndisanauze munthu.

Kutayamba kuyera ndinazungulira kuseri kwa nyumba kukasamba kumaso. Azimayi anali atakoleza kale moto pansi pa malata awiri amene tinawakhomera chifukwa cha mvula. Nkhuni zinali zonyowa, utsi ukuwaliza maso, ena akudula kabichi, ena akutsuka migolo yophikiramo. Azakhali athu, amene anafika dzulo lake kuchokera ku Katete, anakhala pampando pakati pawo akulankhula motsitsa mawu koma mofuna kuti amveke. Oyandikana nyumba ndi Yotamu anali atawauza kuti m'mawa wa tsiku la ngozi mlamu wanga, mkazi wa Yotamu, anakangana ndi mwamuna wake mpaka pakhomo. Kwa azakhali nkhani inathera pomwepo: mkaziyo ndiye anatulutsa mwana wawo ndi mtima wowawa, kapenanso anamuchita zoposa pamenepo. Anati tikabwera kumanda, pa msonkhano wa banja, mlamu abwerere kwawo ndipo ana awiri a Yotamu atsale ndi ife. Ndinamva zonsezo madzi ali m'manja, ndipo ndinabwerera ku tenti. Mantha ndiwo anandigwira pakamwa.

Anthu anayamba kufika dzuwa lili kuseri kwa mitambo. Ankadumpha zithaphwi poponda njerwa zimene tinayala m'njira, amayi atanyamula nsapato m'manja. Kenako anabwera anzake a Yotamu pa njinga zawo, ambiri ndithu, mpaka kanjira kathu kanadzaza. Khutu la ntchito silidziwa maliro. Ndili chikhalire ndinkamva tcheni chouma apa, cholendewera apo, ndipo ndinachita manyazi kuti ndikumvetsera zimenezo mng'ono wanga ali m'bokosi.

Pakati pawo panali Abemba, amene ife a kum'mawa timawatcha ambuya athu, anzathu ochita nawo nthabwala. Pamaliro athu iwo ndiwo amagwira ntchito yolemera, ndipo ali ndi ufulu wotinyoza ndi kutipaka ufa. Mmodzi wa iwo, bambo wachikulire amene ndamukonzera njinga zaka zambiri, anandizembera n'kundipaka ufa kumaso konse, anthu akuseka pang'ono. Ali chigwirire mutu wanga anandinong'oneza: "Ba mbuya, mbeba mumadya, manje na cheni mudula? Ninaitola ine pa tala. Pamene munamenya hamala ninapaona. Sininauze munthu, iyo nkhani ni yanu." Atatero anandisiya n'kupita kukapaka ena.

Bokosi tinakalitenga kuchipatala cha m'ma naini n'kupita nalo kutchalitchi. Pa nthawi yoona nkhope ndinadutsa mofulumira. Anali atamuveka suti imene anakwatira nayo, ndipo chilonda cha pamphumi anachibisa bwino. Mayi athu anaima nthawi yaitali, akumusisita tsaya ngati akumudzutsa kuti apite kusukulu. Mlamu anabwera atafunda chitenje kumutu, atagwiridwa ndi amayi awiri a mpingo. Wa kumbali kwathu panalibe ndi mmodzi yemwe amene anamuyandikira.

Ulendo wa kumanda a ku Chingwere unali wapang'onopang'ono. Njinga zinatsogola ziwiriziwiri nyali zili zoyaka, kenako galimoto ya bokosi, kenako malole awiri odzaza anthu oimirira. Ogulitsa m'mbali mwa msewu ankasiya kuitanira malonda tikamadutsa, ndipo wosoka nsapato wina anavula chipewa. Mvula inayamba kuwaza tikulowa kumanda. Dothi linali lofiira, lomata, ndipo fosholo iliyonse inkafuna kuigogoda kuti lichoke. Ambuya athu anakwirira mosinthana mpaka mtumbira unakwera. Wowerenga mbiri ya malemu anangoti anatisiya pa ngozi ya pamsewu. Poika nkhata anaitana mlamu poyamba, monga mwa mwambo, ndipo atagwada m'matopemo ndinamva azakhali akutsonya kumbuyo kwanga.

Titabwerera tinasamba m'manja pa beseni la pakhomo, anthu anadya, ndipo ambiri anabalalika mvula isanakule. Abale tinalowa m'chipinda chochezera, mmene munalibe mipando chifukwa tinaitulutsa tsiku loyamba. Tinakhala pamphasa, a kwathu mbali iyi, a kwa mlamu mbali inayo. Iye anakhala pakona, atawerama. Malume athu anatsegula ndi pemphero n'kupempha kuti afotokozedwe mmene imfa inayendera. Azakhali sanadikire. Anafotokoza za mkangano uja, n'kufunsa mlamu kuti ananena chiyani kwa mwamuna wake tsiku lija. Mlamu sanayankhe. Anamufunsanso, osayankha. Bambo a mlamu, munthu wofatsa wolondera pa nyumba ina ku Ng'ombe, ankangopinda chipewa chawo m'manja.

Sindinganame kuti ndinalimba mtima. Ndinangoona kuti ndikapitirira kukhala chete, ana a Yotamu ataya mayi wawo chifukwa cha hamala yanga. Ndinagwada n'kuomba m'manja kupempha mpata, ndipo mawu anatuluka osalongosoka. Ndinati Yotamu sanaphedwe ndi mawu a munthu. Ndinafotokoza kuti tcheni chikatha sichifupikitsidwa, chimatayidwa pamodzi ndi masipuloketi ake, ndi kuti ine ndinkadziwa zimenezi kuposa aliyense m'chipindamo. Ndinanena kuti iye anapempha chatsopano ndipo ine ndinamukaniza. Azakhali anati ndikungofuna kuteteza mkaziyo. Ndinawauza kuti tchenicho chilipo, anachitola munthu, ndipo aliyense wofuna angathe kuona pamene chinadukira.

Mvula inkagunda malata. Mayi anandiyang'ana n'kufunsa: "Anakuuza yekha kuti usinthe?" Ndinavomera.  Anadzuka movutikira, anadutsa pakati pa mphasa, n'kukakhala pafupi ndi mpongozi wawo. Malume anatseka msonkhano osatchulanso za ana.

Madzulo tenti inali itapasulidwa, mabenchi abwerera kutchalitchi, pabwalo patangotsala mapazi a anthu m'matope ndi phulusa lonyowa. Azakhali anakagona kwa msuweni wathu ku Chawama osanditsanzika. Ndinalowetsa mipando ndekha, umodziumodzi, kenako ndinakhala pakhonde chifukwa sindinkadziwa ngati ndili wololedwa kukhala m'katimo. Nyumba imene masiku atatu inali yosapumira inali chete, moti ndinkamva mwana wamng'ono akutafuna buledi.

Kusanade mlamu anatuluka kudzataya madzi. Anaima pafupi nane beseni lili m'manja, osandiyang'ana. Ndinafuna kupepesa, koma iye ndiye anayamba.

"Ba mulamu, muziba chamene tinayambanilana? Ninamuuza ati osakwela, cheni ilila maningi, napapata, chonde. Yeve anakalipa. Ati bakulu banga baiona, ili chabe bwino."

Ndinamufunsa chifukwa chake sananene zimenezo pamene ankamufunsa pamaso pa anthu.

"Bamai banu bataya kale mwana umozi," anatero.

Anakhuthula madzi aja m'ngalande, n'kulowa kukagoneka ana.