Batani la M'kati mwa Diresi

Sitiroko itamugwetsa, telala wina anadzuka dzanja lamanja litafa. Makina ake osokera anawafunditsa nsalu. Chimene chinkamudya mtima kwambiri chinali diresi laukwati la mwana wake wamkazi, limene analonjeza kuti adzasoka yekha.

"Bambo, tingokabwereka kwina," anatero mwanayo.

Tsiku lonse telala ankangokhala pakompyuta yakale ya m'shopu, n'kumayang'ana zithunzi za madiresi amene anasoka ali bwino. Mkuluyu anali wodana ndi zinthu zongodzaza malo, moti atapeza fayilo yofanana m'mafoda atatu, anapsa mtima. Anafufuta imodzi ngati akutaya zidutswa za nsalu. Zithunzi zija zinakana kutseguka.

Anaitanitsa mlamu wake, wokonza makompyuta.

"Alamu, mwafufuta chiyani?"

"Zinyalala. Zinali zitatuzitatu."

Mlamuyo anaseka mpaka misozi, kenako analemba mawu ochepa chabe. Kompyuta inadzifufuza yokha, inaona pamene pasowa, inakatenga fayilo ina mufoda yobisika n'kuibwezera pamalo pake. Madiresi onse anabwerera.

"Yaitenga kuti?" anafunsa telala chapansipansi.

"Inasunga kale. Imodzi ndi yogwira ntchito tsiku ndi tsiku. Ina imangodikira tsiku latsoka ngati lalero. Inayo ndi yakale, ya mapulogalamu akale amene sagwirizana ndi yatsopano. Amene anapanga zimenezi ankadziwa kuti china chake chidzawonongeka ndithu, alamu."

Telala anakumbukira ntchito yake. Iye yemwe, chiyambireni ntchito, sanatulutsepo malaya osasokerera batani lapadera m'kati, lodikira tsiku limene lina lidzathothoke. Anayang'ana dzanja lake lamanzere, limene zaka zonsezi ankangoliyesa logwirira nsalu. Anachita nalo mantha, ngati akuliona koyamba.

M'mawa mwake anavundukula makina.

Musaganize kuti zinayenda. Lumo linkangotafuna nsalu. Misoko inkakhota ngati mayendedwe a woledzera, ndipo anzake a mashopu oyandikana ankati akusoka matumba a makala. Ankasula, n'kusokanso. Masiku ena ankalira, mwana wake atamugwirira nsalu mbali inayo. Pang'onopang'ono dzanja lija linayamba kumva.

Tsiku laukwati, mkwatibwi anavala diresi losokedwa ndi bambo ake. Msoko umodzi wakumbuyo unali wokhota pang'ono, koma anakana kuti wina aukonze. Pomanga mabatani, chala chake chinakhudza kanthu kolimba m'kati mwa mpendero. Linali batani lapadera. Anakhala pansi n'kulira.

Inu amene mwakhala manja lende chifukwa chimene munkadalira chawonongeka, dzifufuzeni bwinobwino. Mwina muli nacho china chimene mwakhala mukuchiyesa chongodzaza malo. Musachifufute, ndipo musataye mtima.