Nthambi Yopendama ya Bambo Anga

Bambo anga atamwalira ku Dedza, ine sindinapite. Mapepala anga okhalira kuno kudziko la eni anali asanatuluke, ndipo ndikanachoka sakanandilola kubwerera. Maliro ndinaonera pafoni, nditabisala m'chipinda chochapira zovala kunyumba ya okalamba kumene ndimagwira ntchito. Nkhata yanga pamanda anaika ndi munthu wina.

Choncho a mpingo atakonza mapemphero achikumbutso mu holo ya ku Highfields, ndinapempha chinthu chimodzi chokha, kuti maluwa ndikonze ndekha.

Ndinali nditaphunzirako ikebana, kakonzedwe ka maluwa ka ku Japan, kwa mayi wina wachikulire amene ankaphunzitsa Loweruka. Mayiyo ankadana ndi kuunjika. Umatenga mbale yosaya, pansi pake kachitsulo ka minga kobayapo maluwa ochepa, ndipo malo opanda kanthu umawasiya dala.

Ndinazungulira paki ya ku Spinney Hill kufunafuna nthambi yogwa yopendamira kumanzere, chifukwa chigwereni panjinga bambo ankayenda chopendama. Ndinaipeza. M'munsi mwake ndinabayamo maluwa oyera awiri, oimira ine ndi mng'ono wanga. Nditaiika kutsogolo kwa holo n'kubwerera m'mbuyo, ndinawaona bambo enieni akuchokera kudimba. Ndinalira pang'ono, kenaka ndinakwera basi kukasintha zovala.

Pobwera ndinapeza thengo. Maluwa apulasitiki ofiira, achikasu, ena akadali ndi fumbi la ukwati wa chaka chatha, pamwamba riboni. Wapampando wa amayi anandichingamira akumwetulira.

"Mwanangu, ndinaona kuti sunafinishe, ndiye ndakuhelupa. A mpingo wa ku Derby akubweratu. Ukufuna akanene kuti bambo ako tawalira mwaumphawi?"

"Nanga nthambi ija, mayi?"

"Chikuni chija? Chimasokoneza. Chili m'bini."

Ndinapsa mtima, ndipo mpaka lero ndikadali wokwiya. Osafunsa n'komwe! Bambo ndi anga, chisoni ndi changa, koma iwo nkhawa yawo inali pa maso a anthu a ku Derby.

Nthambiyo ndinaipeza pansi pa makapu a tiyi. Anaithyola popendama penipeni kuti ikwane m'binimo. Ndinaipukuta ndi nsalu yanga, ndinakakhala nayo pampando wakutsogolo, zidutswa ziwiri pamiyendo, mpaka nyimbo yomaliza. Wina anandinong'oneza kuti anthu akundiyang'ana. Ndinati ayang'ane.

Potuluka, alendo ankandigwira dzanja kuyamikira maluwa okongola amene ndinawakonzera bambo anga. Kawiri konse, nkhata yanga anaika ndi munthu wina.