Pansi pa Mpanda wa Deliya

Deliya ndi chomera chopanda manyazi. Ukadula kanthambi n'kukazika m'dothi, usavutike n'kuthirira. Podzatembenuka upeza wakupitirira msinkhu, maluwa ake achikasu ali ngwee ngati kuli ukwati. Anthu a ku Shurugwi, tauni ya migodi ya kudziko la eni kumene tinkakhala, ankamuyesa tchire. Ine ndinamudziwira kwathu ku Dedza, ndipo chaka chimene feteleza anasowa m'masitolo, pamodzi ndi shuga, sopo ndi ulemu, ndinamubzala kuzungulira dimba langa kuseri kwa komboni.

Masamba ake ndinkawasadzula n'kuwanyika mumgolo mpaka awole. Fungo lake, abale inu, ngakhale galu ankalambalala. Kuwawa kwake kunkatsalira m'manja, moti ukaiwala n'kunyambita chala unkalavula mpaka madzulo. Koma madzi akudawo ukathira pa repu ndi tomato, mbewu zinkabiriwira, nsabwe za m'masamba n'kutha. Amayi amene ankatseka mphuno podutsa ndi omwewo ankabwera ndi timbale kudzafuna ndiwo. Dimba limenelo ndilo linkatidyetsa, poti bambo a ana anali atamwalira ndi chifuwa cha mumgodi.

Mwana wanga wachisamba anali atalowa chikorokoza, kukumba golide m'maenje awoawo ndi anzake. Ndinalankhula mpaka kukamwa kuuma. Ankachoka m'mawa, tochi atamangirira kumutu ndi mphira, osanena kumene akukumba, inenso ndinatopa nako kufunsa.

M'chilimwe deliya wa kumunsi kwa mpanda anayamba kufota. Ndinadabwa, chifukwa chinthu chimenechi sichifa wamba. Linafota tsinde limodzi, kenako loyandikana nalo, motsatizana, kulowera kudimba. Ndinafukula kufuna chiswe, osachipeza. Madzi nawo anayamba kundichita chipongwe: ndikathira ndowa yathunthu pa bedi, ankalowa pansi nthawi yomweyo ngati ndathira m'dengu. Ine ndi mtima wanga wapachalawu ndinkangowonjezera ndowa zina. Masana ena nditawerama kupalira, ndinamva kugunda pansi pa mapazi anga, du, du, du, kenako zii.

Zoona zake ndinazipeza pochapa. Nditanyamula malaya a mnyamatayo, ofiira ndi dothi, onyowa kumsana, fungo linandimenya m'mphuno. Fungo limenelo m'Shurugwi monse linali la mgolo umodzi wokha.

Ndinamupeza atakhala pakhonde. "Iwe, madzi anga a deliya afika bwanji pamsana pako?"

Anayang'ana pansi, n'kuyamba m'chilankhulo cha kumeneko asanabwerere m'chathu. "Mhamha, bhande rapinda nepasi pegadheni. Golide walowera pansi pa dimba lanu, ndiye tikumutsatira. Denga likudontha, dothi layamba kugwa pang'onopang'ono. Ndimati ndikuuzeni kuti muchepetseko kuthirira."

"Umati undiuze liti? Pamaliro pako?"

"Tatsala pang'ono, Mhamha. Tikangomupeza tituluka."

Ndinamukalipira, ndinamugwadira, ndinamukumbutsa mmene tinaikira bambo ake. M'mawa mwake anatenga tochi yake n'kupita.

Kuthirira ndinalekera pomwepo. Mgolo ndinaugubuduzira kutali, kumiyala. Ndinkaima kunja kwa mpanda kuonerera repu akugona, tomato akuyoyoka asanapse, kunyumba azing'ono ake a mnyamatayo akundiyang'ana m'maso nthawi ya chakudya. Wina atandifunsa kuti dimba ndalitayiranji, ndinkati msana. Mantha anandigwira moti ndikalowa m'dimbamo ndinkayenda monyang'ama, kuopa kuti thupi langali lingamugwetsere denga mwana wanga.

Ndiye mitambo inayamba kusonkhana cha ku Somabhula. Komboni yonse inkayang'ana kumwamba, poti chaka chinali cha njala, ndipo kumzikiti ndi kutchalitchi komwe anthu ankapempha mvula. Ine mwana wa mlimi ndinkapemphera ndekhandekha kuti isabwere, ndipo ndinkachita manyazi pamaso pa Mulungu.

Inabwera masana, mphepo ili patsogolo. Madontho oyamba atagunda malata, ana a eni ake anatuluka akuvina. Ine ndinathamangira kudimba, ndinagwada pakati pa mabedi oumawo n'kuyamba kumenya pansi ndi zikhatho, ndikukuwa dzina lake m'ming'alu ya dothi. Madzi anali atayamba kale kutsikira m'ming'alumo. Nditagunditsa khutu pansi, ndinamva piki ikugundabe.