Galimoto Yoti Agogo Akwere

Mudzi wa agogo uli cha ku Mavwere, kuseri kwa dambo. M'chilimwe dambolo umaliwoloka osadziwa kuti waliwoloka. Mvula ikangokhazikika pamadutsa ngolo, ng'ombe ndi anthu ogwira nsapato m'manja basi. Ine ndinakulira komweko. Mayi anamwalira ndili wamng'ono, bambo anali atatsogola kale, ndiye agogo ndi amene anandilera, kundiphunzitsa sukulu, mpaka kundikwatitsa.

Chaka chimene ndikunenachi anali atawapeza ndi matenda a shuga. Ankafunika kuonekera kuchipatala cha pa boma mwezi ndi mwezi, kukayezetsa ndi kutenga mankhwala. Dzinja la m'mbuyo mwake anajomba miyezi iwiri, chifukwa kagalimoto kathu kankathera tsidya lino la dambo, ndipo ngolo anali atailumbirira itawaswa chiuno. Phazi linatupa, pachala panabuka bala losapola. Adokotala anatiuza mosabisa kuti akajombanso, chalacho chidzadulidwa, mwina ndi phazi lomwe. Kubwera kudzakhala nafe pa boma anakana. Anati iwo sangakagone m'nyumba ya mkamwini.

Amuna anga amagula soya ndi mtedza m'midzi n'kumagulitsa kwa amalonda a pa bodala. Iwo ndi amene ananena kuti tigule galimoto yokoka ndi matayala onse anayi, zimene amati fobayifo. Anati ithandiza agogo, ithandizanso bizinesi. Ndinaona kuti pa mawu akuti bizinesi nkhope yawo inawala kwambiri. Mwana wamasiye amaphunzira msanga kuona zinthu n'kuzisunga.

Tinayamba kufunafuna mu Novembala. Tinkayenda atatu: ine, amuna anga, ndi alamu anga, mng'ono wawo, amene amayendetsa thiraki njira ya ku Zambia ndipo amadziwa za injini. Ine ankanditenga kuti pasadzamveke mawu akuti sanandifunse. Alamu ankayenda ndi njerwa ziwiri m'buti, zoyezera kutalika kwa mimba ya galimoto kuchokera pansi.

Yoyamba tinakaiona kwa mlimi wina wa fodya ku Mlonyeni. Kwathu kuno galimoto zambiri zimagulidwa mu Julayi fodya akagulitsidwa, n'kugulitsidwanso mu Novembala feteleza akafunika. Iyi inali yotuwa, ya petulo, yosintha yokha magiya. Mipando inali idakali m'mapepala apulasitiki, ndipo ukailiza munkamveka mawu a mayi wina akulankhula Chijapani. Mwini wake anati mayiyo amangopereka moni.

Alamu anagona pansi n'kulowetsa njerwa imodzi choimika. Inagunda.

"Iyi ndi yonyamulira akwati, achimwene," anatero akudzisasa fumbi.

"Ayi, matayala onse anayi amakoka," anatero mlimi uja. "Ikamva matope imadziwa yokha chochita."

"Galimoto yoganiza yokha ine ayi," anatero alamu. "Ayi ndithu. Nanga tsiku lina ikadzaganiza zogona m'dambo?"

Ine ndinali nditatsegula chitseko cha kumbuyo n'kukhala pampando. Munthu unkangotembenuka n'kukhala ngati pa sofa. Ndinati, "Iyi agogo angakwere bwino." Onse mitu yawo inali m'boneti. Alamu sananame, imeneyo dambo lathu silikanaisiya.

Yachiwiri inali cha ku Ludzi, kwa mphunzitsi wina wopuma ntchito amene anaigula kalekale kwa ansembe. Inali yoyera, kapena kuti inakhalapo yoyera. Ya dizilo, ndodo za giya ziwiri, yaikulu ndi yaing'ono. Ukafika pa matope unkayenera kutsika n'kupotokola tizitsulo ta pakati pa matayala akutsogolo kuti nawonso ayambe kukoka. Mphunzitsiyo anali munthu wosadziwa kugulitsa. Tisanafunse n'komwe anatiuza kuti kukazizira imafuna kukankha, zenera limodzi silitsika, ndipo denga limadontha pamwamba pa woyendetsa.

"Koma m'matope inandisiyapo kamodzi kokha," anatero, "ndipo wolakwa ndinali ine."

Alamu anaikonda. Njerwa imodzi inalowa ndi malo otsala. Anamvetsera injini atatseka maso, anapaka chala ku ekizozi n'kununkhiza, kenako anati sipeya zake ungazipeze ngakhale pa Kamwendo. Amuna anga anaizungulira kawiri. Kumbuyo inali ndi zitseko ziwiri ndi mabenchi oyang'anizana.

"Anthu aziti ndagula ambulansi," anatero.

Pansi pa zitseko za kumbuyozo panali chitsulo chopondapo pokwera, chotsika bwino. Ndinapondapo, ndinatsika, ndinapondaponso.

"Ili ndi popondera," ndinatero.

"Popondera sipawoloka dambo, mayi a ana."

Yachitatu tinaipeza pa bodala, kwa wamalonda wina wa ku Chipata amene anakwatira kuno. Inali yakuda, yokwezedwa dala, matayala ake a mano ngati a thirakitala. Kutsogolo kunali bampala yachitsulo ndi chingwe chodzikokera ikatitimira, ndipo m'mbali mwa galasi munakwera chipaipi mpaka padenga, choti injini izipumira pamwamba ikalowa m'madzi. Amuna anga anaiona tili patali, ndipo kayendedwe kawo kanasintha.

"Iyi motoka, bosi, siyopa matika," anatero wa ku Chipata uja, kunena matope m'chilankhulo cha kwawo. "Mungangene nayo mumanzi kufika apa." Analoza pachifuwa pake.

Alamu anasanjikiza njerwa zonse ziwiri, pamwamba pake n'kulowanso chikhatho. Anadzuka osanena kanthu, zimene kwa iwo ndi chiyamikiro chachikulu. Pambuyo pake anangoti imamwa dizilo ngati thiraki, ndipo tayala limodzi likaphulika achimwene adzalira. Ndinafunsa za popondera. Mwini wake anati analipo koma anachotsa, ankakola zitsa kutchire.

Kuti ndikwere ndinakwinya chitenje mpaka m'mawondo, kugwira mpando, amuna anga n'kundikankha kumbuyo akuseka.

"Ndi yayitali," ndinatero nditakhala.

"Ndiye ubwino wake umenewo," anatero amuna anga.

Sabata yonse abale awiriwa ankakhala pakhonde madzulo akachoka ku ntchito, kuyerekeza yoyera ndi yakuda. Ankakamba za masipulingi, za kalachi, za matumba angati a soya angalowe ukapinda mipando, za yomwe ingadzagulitsike msanga. Alamu ankakokera ku yoyera, amuna anga ku yakuda. Dzina la agogo silinatchulidwe. Ine ndinkadziwa kuti khonde la agogo ndi lotalika njerwa imodzi chogoneka, ndipo amalikwera atagwira nsanamira, mwendo umodzi kaye, kupuma, kenako winawo. Ndinazinena kamodzi ndikupereka tiyi. Amuna anga anati, "Tizidzawathandiza kukwera." Ndikanafunsa kuti ndani azidzawathandiza. Sindinafunse. Yakuda inagulidwa.

Tsiku la agogo la mu Januwale linafika mvula itagwa masiku atatu. Dambo linali litadzaza, madzi ofiira akuyenda pamwamba pa njira ya ngolo. Amuna anga anaima, anakankha ndodo yaing'ono ya giya, n'kulowa. Galimoto inapendekera uku ndi uko, matope anafika m'magalasi, koma inatuluka tsidya lina osabwerera m'mbuyo ndi kamodzi komwe. Anthu amene ankabandira chimanga anaimika makasu. Amuna anga anatsitsa galasi n'kupereka moni ngakhale kwa anthu osawadziwa.

Agogo tinawapeza atakonzeka kale, duku latsopano, kabuku ka kuchipatala kali m'jumbo. Apa ndiyenera kunena mmene anthu awiriwa ankakhalira. Pa chinkhoswe changa agogo anakhala pamalo a mayi, ndipo kuyambira tsiku limenelo anadzitenga kuti ndi apongozi enieni. Zaka khumi za banja langa sanagwiranepo chanza ndi amuna anga, sanadyerepo pamodzi, sanayang'anizanepo m'maso. Moni unkaperekedwa chapatali, wina atanjuta, wina atayang'ana kumbali. Nkhani zonse zinkadutsa mwa ine, ngakhale onse ali pabwalo limodzi.

Agogo anayenda ndi ndodo yawo mpaka pachitseko chomwe ndinatsegula. Pansi pa chitsekocho panawafika m'chiuno. Anayang'ana mkati, anayang'ana pansi.

"Uwafunse akamwini, makwerero ake aiwala kunyumba?"

"Auzeni amayi kuti ilibe makwerero," anatero amuna anga akuyang'ana tayala.

Onse anali atamva, koma ndinabwerezabe, poti ndiyo inali ntchito yanga.

Tinayesa kampando. Tinayesa mtondo chozondotsa, koma unkagwedera, ndipo bondo la agogo silinkapindika kufika pamenepo. Ndinayesa kuwanyamula. Agogo ndi mayi wathupi, ine ndine wochepa, ndiye tinangokumbatirana kwa kanthawi n'kusiyana. Anthu onse amphamvu anali kumunda. Amuna anga, amene amaponya thumba la soya pa thiraki okha, anaima poteropo manja ali kumbuyo.

Kuseri kwa khola kuli chulu chimene anthu anachigumula mbali imodzi poumba njerwa. Mbali inayo ndi yotsetsereka pang'onopang'ono. Ndinachiyang'ana kwa nthawi, kenako ndinauza amuna anga kuti aimike galimoto mogundiza mbali yogumukayo. Ndinakwera ndi agogo mbali yotsetsereka, ndipo atafika pamwamba anangolowa ngati akulowa m'nyumba.

"Uwauze akamwini kuti agula galimoto yabwino," anatero atakhala. "Yokwerera pa chulu."

Kuchipatala kutsika sikunavute kwenikweni, anatsetsereka ine nditawagwira m'khwapa. Anayezedwa, analandira mankhwala, bala linatsukidwa. Adokotala anati likuonetsa kusintha, asajombe mwezi wamawa. Tinatuluka cha m'ma 2 koloko, kumwamba kutada mbali ya ku Zambia.

Pamalo oimika galimoto pachipatala ndi pathyathyathya. Palibe chulu. Khonde lokwera lilipo, koma pakati pake ndi msewu pali ngalande. Amuna anga anazungulira mpanda wonse kawiri kufunafuna pokwera, ife titaima. Mlonda wa pageti anabwera n'kunena kuti iye angawakweze amayiwa. Agogo anamuyang'ana kuyambira kunsapato.

"Zikomo bambo. Ine sindigwidwa ndi mwamuna wosamudziwa kwawo."

Mlonda anabwerera kugeti. Madontho anayamba kugwa. Amuna anga anaimika galimoto pafupi nafe, anatsika, n'kuima kumbali monga mwa masiku onse.

"Ngati kukwera kwake n'kumeneku," anatero agogo kwa ine, "mwezi wamawa musadzavutike kubwera."

Ndinkawadziwa. Ngolo anainena kamodzi kokha ndipo sanaikwerenso. Ndinafuna mawu ambiri koma amene anatuluka ndi awiri.

"Agogo, chala."

Anayang'ana phazi lawo lomangidwa bandeji, limene linali litayamba kunyowa. Kenako anatembenuka thupi lonse, n'kuyang'ana amuna anga kumaso.

"Inu mwamuna wanga, mwangoima ngati pholo la magetsi. Mkazi wanu wamkulu anyowe mukuona?"

Kwathu gogo ali ndi ufulu umenewo. Mwamuna wa mdzukulu wake ndi mwamuna wake wa nthabwala, mdzukuluyo ndi mkazi mnzake, ndipo amatha kunyozana ndi kugwirana chanza popanda wodabwa. Agogo ufuluwo anausiya tsiku lomwe anakhala pamalo a mayi, ndipo ine ndinali nditaiwala kuti anali nawo.

Amuna anga anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana tayala. Anandipatsa makiyi, anapukuta manja pa thalauza, anawerama, n'kuwanyamula ngati mwana wodwala. Anawakhazika pampando mosamala, n'kukonza phazi lija kuti lisagunde chitseko.

"Mkazi mnzanga," anatero agogo ali m'mwambamo, "amuna athuwa sukuwadyetsa? Akunjenjemera."

Njira yonse anawazunza. Anafunsa ngati galimotoyi anaigula kuti azithyolera mango. Anati pa akazi awiriwa wokongola ndi wamkulu, wamng'onoyu anangomutola. Amuna anga poyamba ankangoti "Ee, amayi," koma titadutsa pa Kamwendo anayankha kuti mkazi wamkuluyo ndi wolemera ngati matumba awiri a mtedza wosaswa. Agogo anaseka mpaka kutsokomola. Ine ntchito yanga yobwereza mawu sinkafunikanso, ndiye ndinkangoyang'ana minda.

Dambo tinaliwolokanso bwino. Pa chulu agogo anatsika, ndinawaperekeza mpaka pakhonde, anakhala pamkeka n'kukonza duku. Amuna anga anabwera kudzatsanzika akumwetulira, dzanja ali atalitambasula kale. Agogo anatembenukira kumbali.

"Uwathokoze akamwini," anatero kwa ine. "Uwauze kuti tsiku lina ndi Lachiwiri loyamba la mwezi wamawa. Asachedwe."

Amuna anga anabweza dzanja lija, ananjuta, n'kuwomba m'manja. Ndinabwereza uthengawo.

Dzinja lonse zinayenda choncho. Kumudzi ankakwerera pa chulu osalankhulana, kuchipatala ankanyamulidwa akunyozana. Sanajombe mwezi ndi umodzi womwe. Bala linatseka chakumapeto kwa Malichi, ndipo adokotala anati bandeji sikufunikanso, angovala nsapato yofewa.