Wogula Receiver Yanga Sanagule Kanthu

Anzanga, munthu uyu anafika pakhomo panga Loweruka masana atanyamula kachikwama ka maburashi. Pomwepo ndikanadziwa kuti munthu woyenda ndi burashi ya fumbi pokagula katundu wa eni si wabwinobwino. Koma ine, ndi digiri yanga ya Economics, ndinangoti, "Lowani."

Ndinkagulitsa receiver ya home theatre, chibokosi chakuda chija chomwe ma speaker onse asanu amalumikizidwako. Ndinali nditasamukira m'kanyumba kakang'ono, ndipo ndikangoyatsa filimu, mayi a kuseri kwa khoma ankagogoda ndi mtengo wa mopu.

Ndinaiika pa intaneti. Amuna ambirimbiri anandifunsa "last price" osapereka ndi moni womwe. Wina ankafuna tisinthane ndi njinga yopanda tcheni.

Uyu yekha ndiye analemba kuti, "Mwaswera bwanji asisi, ndingabwere kudzaimva?"

Atangolowa anagwada kuseri kwa TV, thalauza losita bwino pa simenti yanga, n'kuyamba kupukuta timabowo ta mawaya kamodzikamodzi ngati akupukuta makutu a khanda.

"Mumaisamala," anatero. "Ena amaikapo maluwa pamwamba, n'kumathirira."

"Ine ndinapitako kusukulu."

"Zikuchita kuoneka."

Ndinaseka. Ndikuvomera, ndinaseka mpaka kugwira pakamwa.

Anaika nyimbo, n'kundikhazika pakati penipeni pa sofa, akuti nditseke maso. Gitala kumanzere, ng'oma kumanja, kamvula kakuwaza kumbuyo kwa khosi langa... Nditatsegula maso ndinapeza wakwinya nkhope.

"Mwamva? Mbali yapakati, yotulutsa mawu a anthu, ikukanda."

Sindinamve kalikonse. Koma ndani amafuna kuoneka mbuli pamaso pa mwamuna wonunkhira chonchija?

"Eya, ikukandadi," ndinatero.

"Ndikagula ili yodwala chonchi ndikuberani. Ndiitenge ndikaikonze, mudzaigulitse pamtengo wake weniweni. Simulipira kanthu."

Remote ndinachita kumunyamulira ndekha mpaka pagalimoto.

Kuyambira tsiku limenelo ndinamutcha Injiniya. Ankabwera Lachitatu lililonse. Ankaimba nthawi ya lunch kufunsa ngati ndadya. Anakonza soketi ya kukhitchini ndi chitseko cha kubafa chomwe chinkalira ngati mphaka wopondedwa. Anandiuza kuti mawu anga ali ndi "warmth". Ine amene ndinalemba dissertation yonse ya momwe ogula amapusitsidwira pamsika, ndinalowa m'bafa n'kumadziyankhula ndekha kuti ndiimve warmth imeneyo.

Ndikafunsa za receiver ankati, "Kachipangizo kake sikanafike, babe. Zinthu zabwino sathamangira."

Miyezi iwiri. Ndinafika mpaka pouza mayi anga kuti pali munthu, iwo n'kuyamba kufunsa za kwawo.

Ndiye tsiku lina msuweni wanga, amene ankasaka firiji yogwiritsidwapo kale ntchito pa intaneti, ananditumizira chithunzi.

"Iwe, makatani awa si ako?"

Anali anga. Receiver yanga, pashelefu yanga, ndipo pakona ya chithunzi pankaoneka chala changa chakuphazi. Injiniya anajambula tsiku loyamba lomwe lija, ine nditatseka maso kumvera kamvula. Pansi pake analemba kuti, "Ngati yatsopano. Ilibe vuto lililonse. Mwini wake anali mayi wosamala."

Anali. Ngati ndinamwalira.

Ndinatsegula tsamba lake lonse. Treadmill yothamangirapo, makina osokera, blender, uvuni... chilichonse pabalaza losiyana, makatani osiyana. Pa chithunzi cha makina osokera pankaoneka dzanja la mzimayi likumupatsira kapu ya tiyi.

Msuweni ananamizira kuti akufuna kugula, ndipo Injiniya anamulozera kushopu. Tinapita limodzi. Kashopu kodzaza mpaka kudenga, kafungo ka fumbi ndi mawaya opserera. Pakauntala panali mayi wovala mphete, akuwenga zikhadabo, tizidutswa tikugwera pa blender ya munthu.

"Eni ake alipo?" ndinafunsa.

"Bambo a kunyumba apita kokatenga katundu. Ndikuthandizeni?"

"Ndabwera kudzatenga chinthu changa."

Anandiyang'ana kuyambira tsitsi mpaka nsapato, osadabwa ngakhale pang'ono.

"Inu ndinu a receiver kapena a treadmill?"

Sikuti ankandinyoza ayi. Ankangofuna asandipatse katundu wolakwika.

"Mukudziwa zimene amuna anu amachita m'nyumba za anthu?"

"Amagwira ntchito, asisi. Kwanuko anathyola chitseko, kapena munawapatsa nokha?"

Msuweni anali atayamba kale kuvula ndolo. Ndinamugwira mkono. Ndinatulutsa risiti yokhala ndi serial number, mayiyo anaiwerenga modekha, n'kuloza pashelefu ndi chowengera zikhadabo chija. Ndinadzinyamulira ndekha chibokosi changa.

"Dikirani remote," anatero. Anaitsegula kumbuyo, n'kuchotsamo mabatire. "Awa ndi athu."

Nditafika kunyumba ndinalumikiza mawaya onse. Mawu a anthu ankatuluka oyera mbee. Chinthucho sichinadwalepo chibadwire. Mayi a kuseri kwa khoma anagogoda, ine n'kuwonjezera volume.

Mayi anga sindinawauzebe. Ndikawauza kuti chiyani, kuti mkamwini uja anali kuntchito?

Lachitatu lotsatira foni inawala. Injiniya.

"Babe, tikambirane ngati akuluakulu. Komanso ma speaker aja, ukuwagwiritsabe ntchito?"

Iye amandinyansa, mkazi wake amandinyansa, kashopu kawo kamandinyansa. Koma chimene chikundikanikabe kumeza ndi china, anzanga. Dzina lake litangowala pafoni paja, uthengawo ndisanauwerenge, mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe, ndipo dzanja langa linapita lokha kukakonza tsitsi.